Mutu 7: Nsanja ya Pakati

1. Lamulo la a Blasius

Sukulu zidali zitatsekera tchuthi cha Pasaka. Loweruka m'mawa Sellah, mtsikana wa Fomu 3, adanyamula basiketi ya tiyi ndi mbatata kupita kumene bambo ake ankagwira ntchito, kuseri kwa msika wa Ulongwe. M'basiketimo adaponyamonso kope lake la masamu, pakuti sankasiyana nalo.

Bambo ake, a Blasius, adali mmisiri wa zomangamanga. Ankamanga nyumba yaikulu yosungiramo chimanga ya wamalonda wina wa ku Balaka. Anthu adali atayamba kale kukolola, ndipo mwini nyumbayo ankafuna denga msanga. Chidatsala ndi gebulo imodzi, khoma losongoka lija la kumapeto kwa nyumba.

Sellah adapeza bambo ake akukonzekera ulendo. Ankalankhula ndi mwana wawo woyamba, Bizwick, yemwe adakhala akuphunzira umisiri kwa zaka zinayi.

"Ine ndikupita ku Balaka kukatenga malata," adatero a Blasius. "Ntchito ndakusiyira iwe. Akalipentala akubwera Lolemba. Ndikapeza gebulo yatha, ndidziwa kuti pakhomo panga pali mmisiri wachiwiri. Ndikaipeza isanathe, ubwerera kokanda matope chaka china chathunthu. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

A Blasius adakwera minibasi, napita.

2. Njira ya njerwa

Pa ntchito yomanga, njerwa sizikwera pa makwerero. Zimachita kuponyedwa. Pansi pankaima Yunusu, bambo wa mwana mmodzi, wa mapewa aakulu, wochokera ku Nsanama m'boma la Machinga. Iye ankaponyera Che Amidu, mmisiri wachikulire yemwe ankaima pa nsanja ya pakati. Che Amidu ankaponyera Bizwick pa nsanja ya pamwamba.

Ntchitoyo inkayenda pang'onopang'ono. Che Amidu ankayamba aitembenuza njerwa iliyonse, kuiyang'ana, ndiye n'kuiponya. Komanso nsanja ya pamwamba idali yaifupi chifukwa matabwa adali ochepa. Bizwick akamanga pang'ono ankatsika, kusuntha matabwa, n'kukweranso.

Itakwana 9 koloko adali atamanga mizere itatu yokha. Bizwick adatsika kudzamwa tiyi nkhope ili gwa.

"Mizere khumi ndi isanu ndi itatu yatsala," adadandaula motero. "Pa liwiro ili tidzamaliza pa Khirisimasi."

Sellah adayang'ana khoma, nayang'ana mikono ya Yunusu.

"Achimwene, nsanja ya pakatiyo ntchito yake n'chiyani?"

"Iwe, ukufuna njerwa imere mapiko?"

"Iyayi. Ndikufuna ndidziwe ngati a Yunusu sangathe kufikitsa njerwa pamwamba okha. Mukachotsa nsanja ya pakati, matabwa ake mutalikitsira ya pamwamba. Simuzitsikanso. Che Amidu azikukandirani matope pansi pano."

Yunusu adaseka. "Aphunzitsi afika, achimwene! Ine njerwa ndimaiponya mpaka ikaone mtsinje wa Shire."

"Zokamba pakamwa ayi," adatero Sellah. "Tiyeze."

3. Masekondi awiri

Teremu yapitayo aphunzitsi a masamu, a Mwalabu, adaphunzitsa ikweshoni ya kwadiratiki. Adaponya choko m'mwamba kalasi yonse ikuona, nalemba pa bolodi kuti chinthu chilichonse choponyedwa chimatsata lamulo limodzi. Pa mayeso a mutu umenewo Sellah adaposa onse.

Tsopano adatenga foni ya Bizwick natsegula wotchi yoyezera masekondi. Adauza Yunusu kuti aponye njerwa molunjika kumwamba ndi mphamvu zake zonse. Adayeza nthawi kuyambira pomwe njerwa yachoka m'manja mpaka itabwerera pa msinkhu womwewo.

Kuponya koyamba, masekondi awiri. Kachiwiri, awiri. Kachitatu, awirinso.

Sellah adakhala pa mulu wa njerwa, nafotokoza akulemba.

"Sekondi imodzi ikukwera, sekondi imodzi ikutsika. Dziko limakoka chinthu pansi, ndipo pa sekondi iliyonse limachilanda liwiro la mamita khumi. Ngati njerwa ikuima patatha sekondi imodzi, ndiye kuti ikuchoka m'manja mwa a Yunusu ndi liwiro la mamita khumi pa sekondi. Manja awo akuisiya pa mita imodzi kuchokera pansi."

Adalemba mzere uwu ndi zilembo zazikulu:

h = −5t² + 10t + 1

"Chilembo h ndi kutalika kwa pomwe njerwa yafika. Chilembo t ndi masekondi. Tikaika sekondi imodzi, tichotsa 5, tiphatikiza 10, tiphatikizanso 1. Yankho ndi mamita asanu ndi imodzi."

Bizwick adatenga tepi nayeza. Nsanja ya pamwamba idali pa mamita anayi ndi theka. Manja ake ataimirira ankawakha njerwa pa mamita asanu ndi theka.

"Mwaona?" adatero Sellah maso akuwala. "Njerwa ikupitirira manja anu ndi theka la mita. Muzichita kuitola m'mwamba ngati bango."

Bizwick adaomba m'manja. "Chemwali wanga ameneyu! Yunusu, masula zingwe."

4. Mawu a Che Amidu

"Ngwamba!"

Adali Che Amidu, kukana m'Chiyao. Adatsika pa makwerero mosathamanga, napukuta manja pa malaya awo.

"Mwanangu Sellah, ine sukulu ndinalekera Sitandade 4. Zimene walembazo sindingazitsutse, poti sindikuziwerenga n'komwe. Koma ndamanga nyumba kuchokera ku Phalula mpaka ku Ntaja, zaka makumi anayi, ndiye undimvere.

"Nsanja ya pakati sitiikira njerwa. Timaikira anthu. Dzanja la m'mawa si dzanja la masana. Iwe wayeza Yunusu wa 9 koloko, amene wadzuka kumene. Yunusu wa 3 koloko sunamuone. Komanso uno ndi mwezi wa Ramadhani. Iye ndi ine tinadya kunja kusanache, ndipo sitilawanso kanthu, ngakhale dontho la madzi, mpaka dzuwa litalowa. Ifeyo tinazolowera, ntchito timagwira. Koma timagwira modziwa kuti thupi lili ndi malire ake, n'chifukwa chake mtunda wautali timaugawa pawiri.

"China ndi ichi. Munthu ali pamwamba, njerwa ikaperewera, saileka igwe. Dzanja limaitsatira lokha, mutu usanaganize. Ndinaziona ku Balaka ndili mnyamata. Ndipo munthu akaterereka pamwambapo, nsanja ya pakati ndi imene imamulandira. Mukaichotsa, amulandira ndani? Chakomakoma chimapweteketsa, ana inu. Gebulo ikapanda kutha lero, ndikayankha ndine kwa a Blasius."

Bizwick adayang'ana mlongo wake.

"Ndamva, Che Amidu," adatero Sellah mwaulemu. "Koma ndasiya theka la mita lapadera. Masamu sanama."

"Wallahi, ndikulumbira, ine sinditopa ndi kanjerwa," adatero Yunusu akudziguguda pachifuwa. "Achikulire akuopa kuti tiwalanda mpando wawo wa m'mwamba."

Bizwick adaseka, koma maso ake adali pa dzuwa lomwe linkakwera.

"Bambo ntchito asiyira ine," adatero. "Nsanja ichoke."

Che Amidu adatola fosholo napita ku mulu wa mchenga.

5. Nambala yaing'ono

Poyamba zonse zidayenda monga momwe kope lidanenera. Njerwa inkakwera, n'kuima kanthawi patsogolo pa nkhope ya Bizwick, iye n'kungoitenga. Amayi ena ochokera ku msika adaima kuti aonerere.

"Mwana wa a Blasius ameneyu adzakhala injiniya," adatero mmodzi.

Sellah adamva, ndipo sadabwerere kunyumba. Adakhala pa mthunzi akuwerenga mizere. Pofika 1 koloko idatsala isanu ndi inayi. Pofika 3 koloko idatsala inayi.

Nthawi imeneyo nthabwala za Yunusu zidali zitatha. Milomo yake idauma, ndipo asanaponye ankayamba wapuma kawiri. Sellah adaona kuti Bizwick sakuwakhanso njerwa ataimirira. Ankawerama. Patapita kanthawi adayamba kugwada m'mphepete mwa thabwa.

Mtsikanayo adatulutsa foni mwakachetechete nayezanso, osauza munthu. Njerwa ina idaphonyeka n'kubwerera pansi. Wotchi idaonetsa 1.8.

Adayang'anitsitsa nambalayo. Kusiyana kwake ndi ya m'mawa kudali kochepa, kosakwana n'kuphethira komwe. Che Amidu adali chapafupi, ndipo adaona foniyo m'manja mwake.

"Zikuti bwanji nambala zako, mwanangu?"

Apa Sellah akadatha kuimitsa ntchito ndi mawu amodzi. Adayang'ana mizere inayi yotsalayo, nayang'ananso amayi aja omwe adali asanachoke.

"Zili bwinobwino," adayankha, nabweza foni m'thumba.

6. Dzanja litsatira njerwa

Sipadapite mphindi khumi. Yunusu adaponya, njerwa idakwera n'kuima m'munsi mwa thabwa. Bizwick adatambasula dzanja kuitsatira. Bondo lake lidaterereka pa matope.

Adadutsa pamalo pomwe padali nsanja ya pakati popanda chomugwira. Adagwera m'mbali mwa mulu wa mchenga, mwendo umodzi n'kumenya njerwa.

"Mayo ine!" adakuwa mmodzi wa amayi aja.

Yunusu ndiye adayamba kufika. "Achimwene! Bizwick! Tandiyang'anani!"

Bizwick adatsegula maso koma sadayankhe. Mwendo wake wamanzere udapindika pomwe sipayenera kupindika.

"Musamudzutse!" adalamula Che Amidu. "Bweretsani thabwa. Timugoneke chonchi, msana usagwedezeke."

Adamunyamula pa limodzi la matabwa omwe adachotsa m'mawa aja. Wina adathamanga kukaitana mayi a Bizwick, omwe ankagulitsa tomato mumsika. Galimoto ya wogula nandolo idavomera kuwatengera ku chipatala ku Liwonde. Mayi ake ndi Che Amidu adakwera naye. Adayesa kuimbira a Blasius, koma foni yawo idali yozima.

Galimoto isananyamuke, Che Amidu adamuyang'ana Sellah kamodzi.

7. Mlandu ugwera wina

Cha m'ma 5 koloko lole ya malata idafika. A Blasius adatsika akumwetulira poona gebulo itatsala pang'ono. Kenaka adaona khamu la anthu, ndi mitengo ya nsanja itagona pansi. Atauzidwa zomwe zidachitika, adatembenukira khamulo.

"Wachotsa nsanja ya pakati ndani?"

Anthu adayang'anana. Sellah adaima kumbuyo kwa amayi awiri, kope lili m'khwapa.

"Ndikufunsa! Wamasula zingwe izi ndani?"

Yunusu adabwera kutsogolo mutu uli pansi. "Ndamasula ndine, bwana."

"Woponya njerwa anali ndani?"

"Ndine ndemwe."

"Iweyo, zaka zitatu ndikukudyetsa pa ntchito yanga! Unafuna kuonetsa anthu a mumsika mphamvu zako, eti? Mwana wanga akapanda kuyendanso, udzandiona. Choka! Ndipo palibe mmisiri wa pa Ulongwe pano amene adzakulembenso ntchito, ndiwauza ndekha."

Yunusu adakweza maso nayang'ana komwe kudali Sellah. Mtsikanayo adayang'ana pansi. Yunusu sadamutchule. Adatenga njinga yake nayamba kuikankha kulowera ku msewu, osaikwera.

8. Yankho lachiwiri

Anthu adayamba kutsitsa malata msangamsanga kuti lole itengere a Blasius ku Liwonde. Sellah adapita kuseri kwa khoma. Adatsegula kope pa tsamba lija naligwira pamwamba kuti aling'ambe. Pepalalo likadatayika, padalibe yemwe akadalifunsa.

M'malo mwake adatulutsa cholembera. Ngati njerwa idatenga masekondi 1.8, ndiye kuti inkakwera kwa masekondi 0.9, ndipo inkachoka m'manja ndi liwiro la mamita asanu ndi anayi, osati khumi. Adalemba pansi pa mzere woyamba uja:

h = −5t² + 9t + 1

Adaikamo 0.9, nawerengera kawiri. Yankho lidali 5.05.

Liwiro lidachepa ndi gawo limodzi lokha mwa magawo khumi, koma njerwa idataya pafupifupi mita yathunthu. Theka la mita lomwe ankanyadira lidatheratu, ndipo njerwa inkaima pafupifupi theka lina la mita m'munsi mwa manja a mchimwene wake. Kuwerengera konseko kudamutengera mphindi imodzi. Mphindi imeneyo adali nayo nthawi ya 3 koloko.

Atatembenuka adaona kajumbo katapachikidwa pa msomali. Mudali botolo la madzi, nthochi ziwiri ndi chinangwa chophika. Chidali chakudya chomwe Yunusu adasunga kuti amasulire kusala kwake dzuwa likalowa. Pochoka adachiiwala.

Sellah adachotsa kajumboko pa msomali, napita komwe kudali bambo ake.

9. Pamaso pa anthu

"Bambo."

"Pita kunyumba, Sellah. Ukasamale ang'ono ako."

Iye adagwada pa fumbi pomwepo, anthu otsitsa malata akuona, napereka kope ndi manja awiri.

"Nsanja sanaganize zoichotsa ndi a Yunusu. Ndine. Ndinawerengera kuti njerwa ifika. Che Amidu anatiletsa, ine ndinawayankha kuti masamu sanama. Masana ndinayezanso, ndinaona kuti nambala yatsika. Atandifunsa ndinanena kuti zili bwinobwino."

A Blasius adayang'ana mizere iwiri ija nthawi yaitali.

"Wam'mwambawu ndi uti?"

"Wa m'mawa."

"Wam'munsiwu?"

"Wa masana. Ndawerengera pompano."

"Ukanawerengera nthawi yomweyo, bwenzi utadziwa?"

"Eya, bambo."

A Blasius adakhala pa mulu wa njerwa. Mawu awo adatsika, koma aliyense adawamva.

"Mwana wanga, ine ndinakutumiza ku sukulu kuti udziwe zimene ine sindidziwa, ndipo sindidandaula. Pepala ili silinakunamize. Taona, likunena zoona kawiri konse. Mmisiri aliyense amaphonya muyezo. Ine ndagwetsapo khoma langa lomwe, anthu akuseka, chifukwa chingwe chinandiuza kuti lapendama. Manyazi amenewo amatha tsiku lomwelo. Koma mmisiri amene waona kuti khoma lapendama, n'kubisa chingwe m'thumba kuti anthu apitirize kumuyamika, ameneyo amagwetsera anthu nyumba.

"Ndipo walakwanso kachiwiri. Unaima apo n'kumandionerera ndikunyoza munthu wosalakwa, bambo wa mwana, amene wagwira ntchito tsiku lonse kukhosi kuli gwa. Iye anakuyang'ana, ndinamuona. Akanatha kukutchula. Inenso ndalakwa, poweruza ndisanafunse, komanso pomuikira mchimwene wako mpikisano ndi dzuwa. Wanga mlandu ndiusenza ndekha. Wako sindikusenzera."

Misozi idayenderera pa masaya a Sellah. "Ndichite chiyani, bambo?"

"Ndamunyoza pa gulu. Tikamupepesanso pa gulu, iwe kutsogolo, ine pambuyo. Kajumbo kali m'manja mwakoko n'kake?"

"Eya."

"Ndiye thamanga. Sanafike patali, njinga amachita kukankha."

Ku mzikiti wa pafupi ndi msika kudamveka kuitana kwa pemphero la kulowa kwa dzuwa. Kwinakwake pa msewu wa ku Liwonde, Yunusu adali atafika pa nthawi yomwa madzi, koma madzi ake adali m'manja mwa Sellah.

Mtsikanayo adadzuka kuti athamange. Asanaponde kachiwiri, m'thumba mwake mudalira foni ya Bizwick. Adaitulutsa. Wotchi ija idali ikuonetsabe 1.8, ndipo pamwamba pake padalembedwa kuti *Amayi*.

Adaipereka kwa bambo ake. A Blasius adaiyang'ana, naibweza kwa iye.

"Yankha ndiwe," adatero. "Kweza mawu, timve tonse."

Sellah adakumbatira botolo la Yunusu ndi dzanja limodzi, nadina foniyo ndi linalo.